Imfa ya Gorgui Thiaw Panyanja, Monga Anaionera Birame Sarr

Ine, Birame Sarr, wa zaka 43, wa ku Kayar, msodzi, ndikunena izi:

Pa 9 Ogasiti 2022 ndinakwera bwato lopita ku Spain pamodzi ndi anthu pafupifupi 70. Mmodzi mwa iwo anali Gorgui Thiaw, amene ndinakoka naye ukonde umodzi zaka khumi ndi ziwiri. Tsiku lachisanu injini inafa. Tsiku lachisanu ndi chitatu madzi akumwa anatha. Tsiku lakhumi, dzuwa lili paliwombo, Gorgui anamwalira mutu wake uli pamiyendo yanga. Tinamupempherera n'kumutsitsira m'madzi. Patapita masiku awiri sitima ina inatitola n'kukatisiya kumsasa wa olowa m'dziko popanda chilolezo, ndipo mu Seputembala akuluakulu a kumeneko anatibweza kwathu.

Tsiku lomwe ndinafika, mkazi wake, Ndella Faye, anabwera kunyumba kwanga ndi ana awo atatu. Anati, "Alamu, anzanu mwawasiya kuti?" Ndinayankha kuti, "Anawatengera kumsasa wina. Ali moyo." Sizinali zoona.

Kwa zaka pafupifupi ziwiri Ndella ankadyetsa anawo powamba nsomba. Mu Juni chaka chino anayamba kukhosomola magazi, ndipo kuchipatala anamuletsa kuyandikira utsi. Anandipempha kuti ndimuperekeze kukafuna thandizo la boma chifukwa ndimawerenga Chifalansa, chinenero cha m'maofesi kuno.

Lolemba pa 15 Julayi tinapita ku ofesi yoona za ovutika ku Thiès, mtunda wa makilomita oposa 30. Tinafika 8 koloko, anatiitana cha m'ma 11. Mayi wa patebulo anatifotokozera mitundu ya thandizo umodziumodzi. La okalamba silinatheke, Ndella ali ndi zaka 34. La olumala silinatheke, chifuwa si chilema. La mabanja osauka anati tidikire kalembera wa chaka chamawa. Linatsala la amayi amasiye, lothandiza pa mpunga, sukulu ya ana ndi mankhwala. Mayiyo anatulutsa fomu n'kufunsa kuti, "Amuna anu ali moyo?"

Ndella anati, "Ali moyo, ali ku Spain. Foni ndi imene alibe. Afunseni alamu anga awa, anali nawo limodzi."

Mayiyo anandiyang'ana. Ndinati, "Ndi choncho." Anabwezera fomuyo m'kabati.

Cha m'ma 1 koloko tili pokwerera galimoto, Ndella anakhosomola n'kulavulira m'nsalu yake. Pamenepo ndinamuuza zonse ndanena pamwambazi. Anandifunsa funso limodzi, la mwambo wathu wa Chisilamu woika maliro: "Munawayang'anitsa ku Maka?" Ndinati m'bwatomo panalibe amene ankadziwa kumene tili. Iye anakwera galimoto ina.

Anakhala m'nyumba kulira maliro miyezi inayi ndi masiku khumi. Sindinaitanidwe ku sadaka.

Dzulo m'mawa anabwera n'kuima kunja kwa mpanda wanga. Anati ofesi ija ikufuna chikalata cha imfa, ndipo khoti silingachipereke popanda umboni wa munthu amene anaona. Mawu ake anali akuti, "Ine munandinamiza. Pepala lokha musakalinamize, ndi la ana."

Ndikutsimikiza kuti Gorgui Thiaw anamwalira pa 18 Ogasiti 2022, ine ndikuona. Ndella ali panja pabenchi. Wapempha kuti pepalali ndisamupatse ndine. Mumupatse inuyo a khoti ine nditachoka.

Ndi zomwe ndikudziwa, palibenso china.

Wasaina: Birame Sarr
Kayar, pa 2 Disembala 2024