Zithunzi za M'foda ya Zoyesera

Malemu athuwa anabadwa pa 9 Malichi 1992, ndipo anali achitatu m'banja la ana anayi. Ine ndaima panoyu ndine malume awo. Mundikhululukire ndikamalumpha mizere. Ndatopa, komanso amene ankandikonzera zolemba zanga ndi omwe agona apawa.

Anayamba sukulu mu 1998. Mafunso awo sankatha, mpaka anzawo anawapatsa dzina loti Abwanji. Mu 2015 anamaliza digiri ya zamakompyuta, ndipo mu 2018 analowa m'banja ndi amakaniko amene akhala apowo.

Mu 2020 anayamba ntchito ya kafukufuku pachipatala cha maso. Ankaphunzitsa kompyuta kuzindikira zizindikiro za matenda a shuga pa zithunzi za mkati mwa diso, kuti odwala athandizidwe asanachite khungu. Tsiku lonse ankakhala m'kachipinda kopanda zenera, akuzunguliza timadontho ta magazi pa chithunzi chilichonse, mpaka zinapitirira zikwi makumi awiri. Kunyumba tinkawaseka kuti amadziwa maso a anthu koma nkhope zawo ayi.

Pantchitopo panali chizolowezi china. M'mawa uliwonse, odwala asanalowe, ankajambula diso la wantchito mmodzi pofuna kuona ngati kamera ili bwino. Zithunzizo ankangoziponya m'foda ya zoyesera pakompyuta, imene palibe ankaitsegula. Pokhala omaliza kulembedwa ntchito pamenepo, malemu ndiwo ankakhala pampando wojambulirapo nthawi zambiri.

Mu Juni 2023 mutu unayamba kuwavuta. Iwo anati n'chifukwa choyang'anitsitsa kompyuta, choncho anangogula magalasi. Pa 19 Febuluwale 2024 anagwa ali kuntchito, ndipo madokotala anapeza chotupa mu ubongo, chitakula kale. Anzawo atatsegula foda ija, anaona kuti mtsempha wa diso lawo unayamba kutupa miyezi isanu ndi itatu m'mbuyomo, ndipo kutupako, komwe kunali chizindikiro cha chotupacho, kunkaonjezereka chithunzi ndi chithunzi. Zimenezi zimatiwawa, tisaname. Koma sitikuloza chala munthu, chifukwa ngakhale eniakewo sanaziyang'ane.

Anatisiya pa 2 Ogasiti 2024, ali ndi zaka 32. Asiya amuna awo, mwana wamkazi wa zaka zinayi, mayi awo, alongo awo awiri ndi akulu awo amodzi.

Tikuthokoza anamwino amene anawasamalira, anansi amene ankasinthana nafe pogonera kuchipatala, ndi inu nonse amene mwabwera. Tikuthokozanso anzawo akuntchito, amene anadzatifunsa mwaulemu ngati afufute zithunzi zija. Yankho n'lakuti ayi. Malemu ali chigonere anapempha kuti zichotsedwe dzina, monga amachitira ndi za odwala ena onse, n'kuziika m'gulu lophunzitsira kompyuta, kuti matenda a wina adzapezeke msanga. Banja lavomera, ngakhale movutikira.

Ntchito mwaisiya m'manja mwa anzanu, mwana wa mlongo wanga. Mzimu wanu upumule mumtendere.