Mphutsi za M'mango ndi Mowa wa Apongozi

Mu Disembala ku Mandimba, podikirira shapa, minibasi ya ku Cuamba, mayi Lurdinha anasenda bango la m'dengu lawo n'kupezamo mphutsi. Analionetsa bambo wina amene anakhala pafupi.

"Mwaonatu, bambo? Ntchito za apongozi anga izi. Masese a mowa wawo akuitana tintchentche tofiira maso, tandithera mango."

"Ayi mayi, timeneto musatinamizire. Sitingaboole bango labwinobwino. Timangotsata zosasa ndi zowola kale."

"Nanga mphutsizi zagwa kumwamba?"

"Mwini wake ndi ntchentche ina, yokulirapo, yamizere yachikasu ngati mavu. Imabaya bango lili mumtengo n'kusiyamo mazira. Likagwa, mphutsi zimalowa m'dothi n'kudzatuluka zili ntchentche."

"Inuyo munaziona?"

"Ndi maso angawa, kwathu ku Etatara. Mango akugwa mumatani nawo?"

"Amawolera pomwepo. Atole ndani?"

"Mtengowo ndi wa yani?"

"Wanga."

"Ndiyetu mukuziweta nokha. Muziwatola n'kuwakwirira m'dzenje lakuya."

Mayi Lurdinha analiyang'anitsitsa bangolo.

"Dzenjelo ndikumba. Koma apongozi aja dzulo ndinawakhuthulira pansi mbiya yonse ya mowa, anthu akuona. Pobwerera ndikalowera khomo liti?"