Mayi Effie MacPhail Akagona Kuchilumba

Malemu Mayi Effie MacPhail anabadwa pa 9 June 1964 m'mudzi mwa Mtwiche, kwa Mfumu Yaikulu Malemia, m'boma la Zomba. Anali mwana wachiwiri komanso wotsiriza wa Bambo ndi Mayi Namalomba, omwe onse anatsogola kale. Woyamba ndi a Biswick, amene akhala kutsogoloku atavala suti yomwe batani lake lakana kumanga. Abale athu a ku Skotilandi akhala kumanjawo akuwamasulira ndi a Victor, ndipo tagwirizana kuti aziwamasulira zabwino zokhazokha.

Sukulu anayamba m'chaka cha 1971 ku Domasi Mishoni, komwe anabatizidwanso mu mpingo wa CCAP. Dzina loti Effie anawapatsa ndi mayi wina wa pamishonipo wochokera ku Skotilandi, ndipo a Biswick amati vuto lonse linayambira pomwepo. Ndi a Biswick omwewa ankawakweza pa njinga kupita nawo kusukulu, mvula kaya dzuwa. Iwo sukulu inawakanika ali Sitandade 7, koma mlongo wawo anapitirira mpaka sekondale, kenako anaphunzira unamwino ku Blantyre. Ntchito anayamba m'chaka cha 1987 pachipatala china ku Zomba.

M'chaka cha 1990 anapeza mwayi wokawonjezera maphunziro ku Glasgow, ku Skotilandi. Kumeneko anakumana ndi Bambo Andrew MacPhail, amisiri a zamagetsi, amene anabwera kudzakonza getsi limodzi ku nyumba za anamwino, koma getsilo linawatengera miyezi itatu. Pa nthawiyi amalume anali atamwalira, ndiye mwinimbumba anali a Biswick. A Biswickwo anaitanidwa pa lamya ya ku positi ofesi kuti amve mawu a mlamu wawo. Chingerezi cha ku Glasgow sanatolepo kanthu. Ataika lamya pansi anati, "Munthuyu akulankhula ngati ali ndi mbatata yotentha m'kamwa, koma akumveka waulemu. Akwatirane, abwere adzamange kuno." Ukwati unamangidwa pa 14 August 1993. Malo omwe a Biswick analambula kuti mkamwini adzamangepo, lero pamera nsungwi.

Banjali linasamukira kuno ku Lewisham, mu London, m'chaka cha 1996, ndipo Mulungu analidalitsa ndi ana awiri, Ivy ndi Luntha. Malemu anagwira ntchito yaunamwino mokhulupirika, ndipo ambiri muno munadutsa m'manja mwawo, ena pa matenda, ena pa kusowa pogona mutangofika kumene. M'chaka cha 1999 anaitanitsa achimwene awo, omwe anapeza ntchito ku nyumba yosamalira okalamba n'kukhazikika ku Thamesmead.

A Biswick anatsika ndege ali ndi mtima umodzi: mbumba yawo tsopano ili pafupi. Koma anapeza mlongo wawo akuyankha kuti "aye" m'malo mwa "eya", ndipo Chingerezi chawo chinali chitalowa mbatata yomwe ija. Choposa apo chinali mwezi wa August. Chaka chilichonse banja lonse linkapita ku Tiree, chilumba cha kwawo kwa amayi a Bambo Andrew, komwe mitengo kulibe, mphepo siipuma, ndipo nkhosa n'zambiri kuposa anthu. Ku Mtwiche anapitako kamodzi, m'chaka cha 2001. September akafika, a Biswick ankapatsidwa zithunzi kuti aone. Ankaziyang'ana chimodzichimodzi, ana ali pamchenga atavala majuzi, ana akuseka ndi agogo awo achizungu, ndipo pomaliza ankafunsa funso limodzi lokha: "Kodi dzuwa kumeneko linalakwa chiyani?"

M'chaka cha 2003 malemu anagula kompyuta, n'kulowa gulu la pa intaneti la makolo a ku Skotilandi okhala kutali ndi kwawo. Anthu amenewa amalemberana m'chilankhulo cha kwawo, kukumbutsana maswiti a ubwana wawo, nyimbo zogonetsera ana, nthawi yonyamukira sitima yapamadzi, ndi chilumba chiti chili ndi mchenga woyera kuposa chinzake. Mwana wa ku Mtwiche anakhala phata la gululo. Ankateteza Tiree pa mikangano kuposa eni ake, ndipo mwana wa wina akatentha thupi, woyamba kufunsidwa anali iwo.

A Biswick ankakwera mabasi awiri Lamulungu lililonse kudzaona mbumba yawo, n'kupeza mlongo wawo atawapatsa msana, akuseka ndi galasi la kompyuta.

"Khalani pansi achimwene, mwana wa Etta watuluka tizilonda," ankatero malemu.

"Etta ameneyu ndi wa kwa yani? Maliro a amayi anabwera?"

"Simukumudziwa."

"Nanga inu mukumudziwa? Munamuonapo nkhope?"

Anali asanamuonepo. Koma a Biswick anaona kuti zinthu zomwe iwo ankazimva patapita mwezi, a m'galasi ankazimva tsiku lomwelo. Luntha atathyoka mkono, Skotilandi yense anadziwa amalume ake asanamve.

Mu February 2006 malemu anapezeka ndi khansa ya m'mawere. Anauza amuna awo, anauzanso a pa intaneti. A Biswick anadziwa mu May. Tsiku limenelo anagogoda pakhomo la mlongo wawo, ndipo anatsegula ndi mayi wachilendo atavala epuloni, chipande chili m'manja, n'kuwafunsa mwaulemu kuti iwo ndi ndani. Ameneyo ndiye anali Mayi Etta Rennie, omwe akhala apowo ndi chipewa chobiriwira. Gulu lija linali litagawana kale masiku: wina wotenga ana kusukulu, wina woperekeza kuchipatala, wina wochapa. Munthu amene ankapalasa njinga kupita ku Domasi anafunsidwa dzina pakhomo la mbumba yake. Anatembenuka osalowa, ndipo kwa masabata angapo sanapondekonso.

Anawaimbira ndi malemu. "Achimwene, ndikanakuuzani, mukanandidzazira nyumba ndi anthu ondilira ndili moyo. Awa amabwera, achapa, apita. Bwerani, ndakusowani."

Anabwera. Mayi Etta anawapatsa Lachinayi. Mwinimbumba kupatsidwa tsiku ndi mlendo, abale anga, nkhani imeneyi inamveka mpaka ku Peckham. Koma Lachinayi limenelo sanaliphonye ngakhale kamodzi. Ankafika ndi thobwa lawo m'botolo, n'kukankhira supu ya Mayi Etta kumbuyo kwa firiji. Mayi Etta akabwera Lachisanu ankabweza supu kutsogolo. Odwala ankamwa zonse ziwiri pang'onopang'ono, ndipo aliyense ankauzidwa payekha kuti chake ndicho chikuthandiza.

Mu August 2006 malemu anapita ku Tiree komaliza. Mu January chaka chino matenda anakula, ndipo anagonekedwa m'chipatala. A Biswick, monga mwa udindo wawo, anayamba kulankhula ndi a kumudzi za malo a manda pafupi ndi amayi. Malemu atamva, anawaitana pamodzi ndi amuna awo n'kunena kuti akufuna akagone kuchilumba. A Biswick sanayang'ane odwala. Anayang'ana mlamu wawo nati, "Munanditengera ali moyo. Mukufuna munditengerenso atafa?"

Malemu anawagwira dzanja. "Andrew sakudziwa kanthu, ndi maganizo anga. Ku Mtwiche anawa afikako kamodzi. Kuchilumba amapita chaka ndi chaka. Ndikufuna ndikagone komwe azidzandipeza."

Atamva zimenezi, a Biswick anatuluka.

Mayi Effie MacPhail anatisiya pa 21 March 2007 ali ndi zaka 42. Apa tiyenera kuwachitira umboni Bambo Andrew. Malamulo a dziko lino anali kumbali yawo, koma anati thupi silisuntha mpaka mwinimbumba alankhule, chifukwa akazi awo anawaphunzitsa choncho. Nkhani yonse inagwera a Biswick. Kumudzi lamya sinkaduka, achibale akufunsa tsiku lofika ndege. Akanati "kumudzi", palibe akanawatsutsa, ndipo kwa nthawi yoyamba akanapambana Skotilandi. Koma ana akanakula manda a mayi awo akuwaonera pa chithunzi.

Loweruka lapitali anasonkhanitsa banja n'kunena mawu awa, omwe andipempha kuti ndiwawerenge monga anawanenera: "Apite kuchilumba. Koma manda a mlongo wanga salambulidwa ndi alendo. August aliyense ndizikwera nawo, ndipo m'nyumba imeneyo anawa azimva Chichewa m'mawa ndi madzulo, afune asafune. Mundikonzeretu chipinda chopanda mphepo."

A Biswick sanakwerepo ngakhale bwato. Mawa akwera sitima yapamadzi kuperekeza mlongo wawo. Choncho a Victor, apa masulirani zonse osasiyako: a ku Tiree adziwe kuti atenga malemu pamodzi ndi amalume, ndipo amalumewo sabwezedwa.

Malemu asiya amuna awo Bambo Andrew MacPhail, ana awo Ivy ndi Luntha, apongozi awo ku Tiree, mlongo wawo a Biswick Namalomba ndi akazi awo Mayi Cynthia, komanso abale ambiri ku Mtwiche omwe akulira ali kutali. Banja likuthokoza madokotala ndi anamwino anzawo, abusa ndi amayi a Mvano, a Malawi onse a muno mu London amene mwagona pa siwa, ndi aliyense amene anaphika, kuyendetsa galimoto kapena kulera ana. A Biswick apempha kuti Mayi Etta ndi gulu lawo athokozedwe mwapadera, ndipo avomera kuti supu ija inali yabwino, kungoti mchere unkachepa.

Mayi Effie, mukagone bwino komwe mwasankha. Ana anu azidzakupezani. Mulungu amene anakupatsani kwa ife ause mzimu wanu mumtendere.