Masamba amene amayi anayala pamsewu

Aulutsi, ndikulemba kuchokera kuno kwa Nazombe, ndipo ndatopa.

Amayi anga anayamba matenda oiwala. Amaiwala kuti adya, amaiwalanso kuti bambo tinawaika kalekale. Tsiku lina ine ndili kumunda kothyola nandolo, iwo anathyola masamba n'kuwayala pamsewu, monga timachitira pakagwa maliro. Mumtima mwawo, bambo anali atangomwalira kumene. Tsoka ilo, anawayala pafupi ndi nyumba ya aneba athu, amene mwana wawo ankadwala. Akabaza ankatsika panjinga, azimayi ena anafika atasenza nkhuni zapamaliro. Pobwera ndinapeza anthu atawazungulira.

"Nkhalamba iyi ikulodza mwana wanga!" anakuwa aneba aja, mwala uli m'manja.

Ndinagwada, ndinapepesa mpaka mawu anasasa. Sabata yomweyo ndinawapititsa kunyumba yosamalira okalamba ya mpingo wina, kutali ndi kwathu. Kumeneko amadya, amasamba, palibe wowatcha mfiti. Koma amalume, amene sanabwerepo kudzawachapira ngakhale chitenje, akuti, "Iwe, wataya mayi ako ngati sanza."

Mwezi watha ndinapita kukawaona. Anandipatsa mpando mwaulemu n'kundigwira dzanja.

"Amayi inu, mukuchokera kwa Nazombe? Mukamuuze mwana wanga wamkazi adzanditenge. Ameneyo sangandisiye kwa alendo."

Ndinayankha kuti ndikamuuza.

Omvera anzanga, musanagende nkhalamba, musananyoze mwana amene waipititsa kosamalidwa, bwerani mudzaichapire kaye tsiku limodzi. Ine uthenga uja ndinabwera nawo, ndipo wolandira ndine ndemwe.