Korona inatha, ine masiki sindivula

Aulutsi, ndiwerengereni kalatayi, mwina wina andithandiza nzeru. Ndine mayi wa mwana mmodzi, ndimagulitsa usipa pamsika wa Nkhata Bay.

Nthawi ya korona dzino linandiwawa, koma ndinaopa kukayasama kuchipatala. Mnzanga anati ndidonthezepo madzi a batire. Ululu unaleka, koma mano akutsogolo anaphwanyika, m'kamwa mukutuluka fungo.

Mpaka lero ndimavala masiki, ndiye ogula amandilambalala, akuti ndili ndi chifuwa chachikulu. Onyamula katundu padoko amandiseka: "Amama, korona inakwera sitima kalekale, mukubisanji?"

Dzulo ndinalimba mtima n'kuivula. Mayi wina atandiyang'ana pakamwa anabweza usipa m'beseni. Ndinabwerera nawo wonse, mwana akudikira phala.

Anzanga omvera, mawa ndivale kapena ndivule?