Mayi Saima Turunen, amene ankakana lifti

Abale ndi alongo, amene tikuwaperekeza lerowa ndi apongozi anga, Mayi Saima Turunen. Ine ndine Reinford, mkamwini wawo. Anabadwa m'chaka cha 1905 m'mudzi wa ocheka matabwa, kum'mawa kwa dziko la Finland. Sukulu anaphunzira zaka zinayi zokha, kenaka anayamba ntchito yochapa zovala. Mu 1928 anakwatiwa ndi Bambo Eino Turunen, amene ankayankhulira antchito anzawo pa misonkhano.

Mu 1930 nyumba ya malamulo ya kwawoko inathetsedwa nthawi yake isanakwane, ndipo anaitanitsa chisankho china. Miyezi imeneyo kunabuka gulu la anthu amene ankagwira aliyense womuganizira kuti ndi wachikomyunizimu, kumuponya m'galimoto, n'kukamutaya ku malire a Russia. Nkhanza zimenezi ankangozitcha kuti kupereka lifti.

Tsiku lina masana amuna anayi anaimika galimoto pakhomo, natsekula chitseko chake, nauza Bambo Eino mwaulemu kuti abwera kudzawapatsa lifti. Atakana, anawamenya ndi chitsulo kukamwa mpaka mano anagwera pansi, nawaponya m'galimoto. Malemuwa, ali ndi pakati pa miyezi isanu, anakakamira chitseko cha galimotoyo. Mmodzi anachimenyetsa, zala zitatu n'kuthyoka, koma sanataye msanga. Galimoto inawakhwekhwereza pa miyala mpaka maondo anasupuka. Amuna awo sanawaonenso.

Chisankho chitafika mu Okutobala, anayenda wapansi mtunda wautali, dzanja lili m'nsanza, n'kukavota ndi lamanzere, awiri mwa omenya aja ataima pakhomo kuwayang'anitsitsa. Zala zopindika zija ambiri munaziona. Tonse tinkati ndi nyamakazi.

Mwana amene anali m'mimbayo ndi Anna, mkazi wanga. Anna atapeza ntchito ya unamwino kuno ku London, mayi ake anamutsatira mu 1961, nagwira ntchito yochapa pa chipatala china ku Greenwich mpaka kupuma. Ife tinakwatirana mu 1968.

Pano ndiulule kulakwa kwanga. Mu 1973 ndinagula galimoto yanga yoyamba. Ndinatenga anzanga atatu a ku mpingo, tonse m'majekete, kuti tikawalemekeze apongozi. Ndinaimika pakhomo pawo, n'kutsekula chitseko, n'kunena kuti tabwera kudzawapatsa lifti. Anatuluka ndi chitsulo chosonkhezera moto. Anaswa galasi lakutsogolo, naswa magetsi, ndipo ine ananditema pamphumi. Chipsera chake ndi ichi. Ngakhale Anna sanamvetse, popeza anakula akuuzidwa kuti bambo ake anafa ndi chibayo. Zaka zinayi sindinaponde pakhomo pawo, ana ndinawaletsa kupitako, ndipo ndinkauza ena mwa inu kuti mayiwa amadana ndi khungu lakuda.

Mu 1977 inabwera kalata yoti mng'ono wanga Bonface anakwezedwa galimoto ndi anthu osadziwika kumudzi, ndipo anamupeza m'ngalande atathyoledwa nthiti, atafa kale. Tili pa maliro m'nyumba mwathu ku Peckham, apongozi anatulukira osaitanidwa. Anavula nsapato, nakhala pansi pamodzi ndi azimayi. Madzulo asanabwerere anationetsa dzanja lija, nafotokoza zonse m'chiyankhulo chawo, Anna akumasulira uku akulira, poti naye nkhani ya bambo ake ankaimva koyamba. Anamaliza ndi kundifunsa ngati pamphumi pankawawabe.

Kuyambira pamenepo analowa mpingo wathu. Nyimbo zathu ankaimba mokweza, mawu ake osawadziwa. Basi ndi sitima ankakwera, koma galimoto ya munthu ayi, ngakhale kugwe chipale chofewa, ndipo palibe anawakakamizanso.

Anadwala sitiroko mu Malichi chaka chino cha 1985. Zopita kuchipatala anakana, choncho Anna anawadwazika kunyumba mpaka anatisiya pa 2 Epulo, ali ndi zaka 79. Chimene anapempha n'chimodzi chokha: asadzakwezedwe galimoto. N'chifukwa chake panjapo simukuona galimoto ya maliro. Kumanda ndi kotalikirako, koma kwathu timatero kale. Abambo, vulani majekete, tizilandizana pamapewa mpaka tikafike.

Asiya mwana mmodzi, Anna, mkamwini, ineyo, ndi zidzukulu ziwiri, Newton ndi Justina.

Ayenda mokwanira. Apumule mu mtendere.