Theka la Piritsi la Elvis

Lolemba m'mawa Elvis analowa mu shopu ya mankhwala ya pafupi ndi msika wa Zomba, momwe mlongo wake wamkulu Deborah amagwira ntchito, fumbi la kuphiri lidakali m'nsapato. Loweruka, ku chikondwerero cha nyimbo pamwamba pa phiri la Zomba, mnyamatayu analanda maiki pa siteji n'kufunsira ukwati chibwenzi chake Tusekile, anthu onse akujambula, ndipo mtsikanayo anavomera.

"Achemwali, mundipulumutse," anatero akutambasula pa kauntala kapepala momwe munali theka la piritsi. "Theka lina ndinameza. Muuzeni Tusekile kuti amene amalankhula uja si ine, ndi piritsi. Inu akukhulupirirani."

Deborah anavala magalasi. Mayi ameneyu, nthabwala amaiwerenga ngati malangizo a pabotolo.

"Unalitenga kuti?"

"Kwa mkulu wina wa chipewa chofiira, kuseri kwa masipika. Akuti ndi katundu wa ku Joni."

"Dzina lake?"

"Aaa, dzina la chiyani?"

"Ndiye munthu wosamudziwa wakupatsa chinthu chosachidziwa, iwe kukamwa yasa? Akanakhala mankhwala a makoswe?"

"Ulaliki pambuyo, achemwali! Amalume ake akuti akwera basi ku Karonga Lachisanu kudzakamba za ukwati. Ine ndili chaka chachitatu ku yunivesite ku Chirunga, ndilibe ngakhale mpando!"

Deborah anatembenuza kathekako ndi chala, nakanunkhiza.

"Limakoma ngati lalanje?"

"Eya! Mwalidziwa eti? Ndi loopsa?"

"Ndi la njoka za m'mimba."

"Za chiyani?"

"Njoka. Timapatsa ana a sukulu."

"Ayi, ayi, ayi. Ine ndinaona mitengo ya paini ikuvina!"

"Kuphiri kuja kumawomba mphepo."

"Thupi lonse linachita tsembwe!"

"Unavala juzi?"

"Nanga miyendo? Inapepuka ngati ya mwana!"

"Dzulo m'mimba munali bwanji?"

Elvis anayang'ana kudenga. "Zimenezo n'zapadera."

"Ndiye lagwira ntchito. Theka latsalali umalize, mlingo wake ndi lathunthu."

"Achemwali, mukundimva koma? Ndinagwada! Ndinalira pamaso pa anthu mazanamazana! Munthu wabwinobwino angachite zimenezo?"

"Sindikudziwa. Ine ndimadziwa mankhwala. Ili silifika kumutu."

"Ingonenani kuti limafika pang'ono."

"Silifika."

"Pang'onong'ono pokha."

"Limathera m'matumbo, Elvis."

Mnyamata anakhala pa benchi ya odwala, manja kumutu. Kunena zoona, ankamvetsa chisoni.

"Ndiye kuti mawu onse aja anali anga?"

"Ako. Ndi kulira komwe."

Deborah anatsegula kabati n'kutulutsa kapepala kena. Munali theka lina, lofanana ndendende.

"Ndakuuza zomwe ndamuuza mnzakoyo."

"Mnzanga uti?"

"Tusekile. Ndamupeza pakhomo ndisanatsegule. Nayenso analitenga kwa wa chipewa chofiira yemweyo. Akuti ndikuuze kuti amene anavomera uja si iye, ndi piritsi."

Elvis anadzuka ngati wakhalira moto.

"Wati chiyani? Akufuna kundikana? Ine?"

"Si zomwe umafuna?"

"Ine ndi nkhani ina! Iye anavomera yekha, Zomba yense akumva! Anandikumbatira mpaka kundithothola batani!"

"Akuti anaona nyenyezi zikuyenda."

"Zinali ndege! Mtsikana wophunzira ngati uja, kumeza zinthu za kuseri kwa masipika? Akanafa bwanji? Ine ndikanatani?"

Anatola kapepala kake, nakabwezanso pa kauntala, natulutsa foni.

"Wapita kuti?"

"Kwawo ku Sadzi, akulira. Kaya akulira chiyani, sanandiuze."

Elvis anali kale pakhomo. Anatembenuka, chala m'mwamba.

"Achemwali, akabweranso musamunamize ngakhale pang'ono. Limathera m'matumbo!"